Anandifunsa Kamodzi Kokha

Kuchokera ku Lusaka kukafika ku Guangzhou, mzinda wa ku China kumene amalonda amakagula katundu, pali makilomita opitirira pang'ono zikwi khumi. Mtunda umenewu ndinauyeza ndekha ndi ulusi wakuda wosokera, pa buku la mapu limene ndinachoka nalo kumudzi. Msuweni wanga wauyenda kale katatu, koma kutalika kwake sakudziwa, ndipo alibe nako ntchito. Ine sindinakwerepo ndege.

Ndinabwera ku Kabwe nditamaliza giredi thwelofu pa sukulu ya kwathu, kuseri kwa Petauke. Amalume, mlongo wa amayi anga, ali ndi shopu m'tauni yogulitsa mababu, matochi, machaja a foni ndi nyale zoyendera dzuwa. Iwo ndiwo anatumiza uthenga kuti ndibwere ndidzawathandize. Tinkakhala ku komboni ya Bwacha anthu anayi: amalume, akazi awo, mwana wawo wamkazi ndi ine.

Msuweni wangayo tinabadwa chaka chimodzi, koma iye anabadwira m'tauni. Amalankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingerezi, ndipo akaseka amamveka mpaka nyumba yachitatu. Tsiku limene ndinafika anandipeza nditagwada, ndikupereka moni kwa amayi ake.

"Ba mami, uyu ndiye mwamuna wanga mwanibweretsera?" anatero. "Muuzeni anyamuke, simenti yathu izatha na maondo yake."

Ndinadziwa kuti ndi chisuweni, kuti nanenso ndinali ndi ufulu womubwezera. Koma ndinangoseka ndikuyang'ana nsapato zanga.

Ntchito ndinaigwira ndi mtima wonse. Ndinkasesa pabwalo m'mamawa, kenaka n'kukwera minibasi yopita m'tauni kuti ndikatsegule. Babu lililonse ndinkaliyesa kasitomala akuona. Chibemba sindinkachidziwa, choncho ndinkamwetulira kwambiri ndi kuloza ndi chala. Msuweni ankatulukira cha m'ma teni n'kukhala pa kauntala foni ili m'manja. Koma akangotsegula pakamwa, munthu amene anabwera kudzafunsa mtengo chabe ankatuluka atagula tochi. Zinkandipweteka pang'ono, koma ndinkadziuza kuti amalume amaona amene amasesa.

Ndipo ankaonadi. Lamlungu lina masana, titabwerako kutchalitchi, amalume anakhala pakhonde atapinda buluku, akudzola mankhwala m'mawondo. Ine ndinali pambali ndikuwapukutira nsapato.

"Mphwanga, tabwera pafupi," anatero.

Ndinasiya burashi n'kunyonyomala pafupi ndi mpando wawo.

"Ulendo wa ku China wayandikira. Mawondo awa sakundilolanso kuzungulira m'misika ndekha, ndipo timalemba ta pa makatoni sindikutionanso bwino. Chaka chino ndikufuna kutenga munthu. Ungapite nane?"

Chiyambire ndili mwana, ndege ndinkangoiona ikusiya kamzere koyera kumwamba ife tili m'munda. Tsopano amalume anali kundiitana kuti ndikalowe m'kati mwake. Anayambira ine chifukwa ndine mwana wa mlongo wawo, ndipo kwathu mwana wotero ndiye amaonetsedwa njira za amalume ake.

Koma kwathu komweko anatilera kuti munthu wamkulu akakupatsa chinthu chachikulu, sulumphira. Ukafika pakhomo pa eni n'kupeza akudya, umati wakhuta ngakhale m'mimba mukulira. Amakuitananso, iwe n'kukananso, koma motsitsa mawu. Akanena kachitatu, pamenepo ndi pamene umasamba m'manja. Ngakhale buku la mapu lija, aphunzitsi anachita kundiikira okha m'chikwama nditakana kawiri. Choncho ndinaomba m'manja pang'onopang'ono n'kuyankha monga mwana woleredwa bwino.

"Zikomo kwambiri, amalume. Koma ine ndangobwera kumene m'tauni muno. Ulendo waukulu chonchi mwina ukuyenera ena odziwa zinthu."

Ndinaweramitsa mutu n'kudikira. Yankho lachiwiri ndinali nalo kale pakamwa, lachitatu lomwe.

"Oo, chabwino," anatero amalume, akutseka kabotolo ka mankhwala. "Ndimaganiza kuti ungakonde."

Kenaka anatembenukira kuzenera n'kuitana mwana wawo.

"Ati bwanji, ba dadi?" anayankha ali m'kati.

"Ku China ungayende na ine?"

"Ine? Ku China? Nizayenda! Liti? Mawa?"

Anatuluka akuthamanga opanda nsapato, tsitsi lolukidwa mbali imodzi, n'kuwakumbatira bambo ake mpaka mpando unatsala pang'ono kugwa. Amayi ake anatuluka kukhitchini akululutira. Ine ndinali chinyonyomalire pomwepo mpaka miyendo inachita dzanzi. Palibe amene anandiuza kuti ndinyamuke, ndiye ndinabwerera ku nsapato zija n'kuzipukuta kachiwiri.

Masabata otsatira ananditopetsa kuposa ntchito ina iliyonse. Ine ndi amene ndinatumidwa kumuperekeza kukajambulitsa zithunzi za pasipoti. Anajambulitsa katatu chifukwa ankati choyamba chinamukulitsa mphuno. Ine ndi amene ndinanyamula sutikesi yatsopano kuchokera m'tauni mpaka kunyumba. Mu minibasi ankauza aliyense, ngakhale kondakitala.

"Ba kondakita, niyenda ku China. Nikabwera sinizakwelanso tumabasi twanu utu."

Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka nawo, sutikesi ili pamiyendo panga.

Loweruka lina masana ndinatseka chitseko cha kachipinda kanga n'kutulutsa buku la mapu. Aphunzitsi athu anatiphunzitsa kuyala ulusi pakati pa mizinda iwiri, kuutsina ndi zikhadabo pamene wathera, kenaka n'kuuyeza pa kamzere ka sikelo kamene kali m'munsi mwa tsamba. Ndinayala kuchokera ku Lusaka, kudutsa nyanja yaikulu, mpaka ku Guangzhou. Ndinayeza katatu kuopa kulakwitsa. Kenaka ndinafunafuna ulendo wanga wochokera ku Petauke, umene unanditengera tsiku lathunthu ndi mabasi awiri, ndipo ndinkaunyadira. Wonsewo unabisika pansi pa nsonga ya chala changa. Nditawerengera ndinapeza kuti ndikanafunika kuuyenda pafupifupi kamakumi awiri kuti ndifanane ndi ulendo wake wopita wokha. Iye akanakhala pampando, akumupatsira chakudya.

Matiketi atabwera, amalume anawayala patebulo la pabalaza. Ndege yoyamba inali yokawasiya ku Addis Ababa, yachiwiri yowatenga kumeneko mpaka ku China. Msuweni anawerenga nthawi yonyamukira ndi yofikira ya ndege yachiwiriyo, akuwerengera ndi zala.

"Awe, ba dadi. Maawazi fifitini mu ndeke imozi? Nizafa ine."

"Ndi kutali basi," anatero amalume. "Ine ndimangogona. Akandidzutsa ndimadziwa kuti tafika."

Pamenepo ndinaona mpata. Ndinapempha kuti ndilankhule, n'kuthamangira kuchipinda kukatenga buku la mapu. Ndinatenganso lalanje pambale ndi tochi pashelefu. Ndinawaunikira lalanjelo mbali imodzi ndikulitembenuza pang'onopang'ono, n'kuwafotokozera kuti dzuwa limayamba kutuluka kwa iwo lisanafike kwa ife. Mawotchi a ku China ali patsogolo pa athu ndi maola asanu ndi limodzi, ndipo pa a ku Addis Ababa ndi maola asanu. Nthawi yofikira imene inali pa tiketi inali ya wotchi ya kumeneko. M'mwamba akanakhala maola pafupifupi khumi okha.

Chiyambire kubwera ku Kabwe ndinali ndisanalankhulepo mawu ambiri chonchi. Ndipo sindinalakwitse paliponse. Mumtima ndinkati amalume aona okha kuti munthu wofunika pa ulendowu ndani, agula tiketi yachitatu.

Amalume anawomba patebulo mosangalala n'kutembenukira akazi awo.

"Mwauona mutu uwu? Zaka zonsezi ndimayenda, palibe anandifotokozerapo chonchi. N'chifukwa chake sindikudandaula kumusiyira shopu."

Anapisa m'thumba n'kundipatsa makiyi onse, ngakhale a kusitoro ya kumbuyo amene ndinali ndisanawagwirepo. Ndinawalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Msuweni anatenga lalanje lija n'kuyamba kusenda.

"Mwamuna wanga ni profesa," anatero. "Bati profesa wa pansi."

Tsiku la ulendo ndinawaperekeza kukakwera basi ya ku Lusaka. Ndinakweza masutikesi, n'kuonetsetsa kuti awamanga bwino. Basi ili pafupi kunyamuka, msuweni anatulutsa mutu pazenera.

"Iwe, nikubweretsere chani?"

"Usavutike," ndinatero.

"Okei," anatero, n'kubweza mutu.

Zithunzi zinayamba kubwera pa foni yanga tsiku lomwelo. Choyamba chinali cha phiko la ndege, mitambo ili pansi pake ngati thonje loyanika. Chachiwiri chinali cha chakudya: kathireyi kokhala ndi timbale tinayi, kabanzi, ndi kabatala kokutidwa m'kapepala konyezimira. Chithunzi chimenechi ndinachikulitsa ndi zala kambirimbiri mpaka ndinadziwa malo a kanthu kalikonse. Ndinaona kuti nyemba zobiriwira sanazidye, ndipo zinandikwiyitsa ngati anataya chakudya changa. Chachitatu anajambula kanema kamene kali kumbuyo kwa mpando, koonetsa kandege kali pakati pa nyanja. Pansi pake analemba kuti, "Profesa, apa ni pati?" Ndinadziwa pamene panali. Ndinamuyankha, n'kuwonjezera kuti zithunzi zatuluka bwino kwambiri.

M'shopu makasitomala ankafunsa za amalume. Ndikanena kuti apita ku China ndi mwana wawo, ankagwedeza mutu movomereza.

"Mtsikana uja? Eee, uja ni wochenjera. Azafika patali."

Ndinkavomera ndikuwakulungira katundu wawo. Ndege ikamveka kumwamba sindinkatulukanso panja monga ndinkachitira kale. Ndinkakweza wailesi.

Tsiku lachinayi msuweni anatumiza uthenga wofunsa machaja amene amagulidwa msanga, chifukwa amalume anali ataiwala. Ndinauwerenga n'kuika foni m'dirowa. Ndinati asankhe yekha, popeza ndi wochenjera. Agule olakwika, adzaunjikane pashelefu chaka chathunthu, amalume adzaone. Ndinagulitsa mababu awiri, ndinasesa pakhomo pamene panali posesa kale. Ola lisanathe ndinatulutsa foni ija, n'kujambula chaja chilichonse chimene chimayenda malonda, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulembanso amene anthu amabweza chifukwa chotentha. Anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu.

Loweruka ndinaimbira amayi kumudzi. Sindinafune kuwauza, koma anamva mawu anga.

"Ukudwala?"

"Iyayi, amayi."

"Nanga bwanji ukulankhula ngati wameza mwala?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pakhonde paja.

"Anakufunsa kangati?" anatero amayi.

"Kamodzi."

"Kamodzi? Ndiye kufunsa kumeneko? Iwe unayankha bwino, mwana wanga. Wolakwa ndi mlongo wangayo. Tauni yamudya mutu. Iyeyu pamene bambo athu ankamupatsa njinga, anakana mpaka anthu anachita kumukankhira. Lero waiwala?"

"Chonde amayi, musawaimbire."

"Ndamva."

"Amayi, ndikupempha. Mundichititsa manyazi."

"Ndati ndamva," anatero, n'kuyamba kundiuza za mbuzi imene inathyola khola.

Apaulendo anabwerera patatha masiku khumi. Msuweni anabweretsera amayi ake chikwama, anzake ndolo, ngakhale mwana wa aneba anamupatsa kagalimoto. Atafika pa ine anaima, n'kupisa m'thumba la jekete.

"Iwe unakamba ati nisavutike. Bati tenga aya, sininavale."

Anali masokosi otuwa amene amagawa m'ndege. Ndinathokoza ndi manja awiri.

Lolemba m'mawa tili m'shopu, amalume anatuma msuweni kukagula zitumbuwa. Atangotuluka, anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nane.

"Amayi ako anandiimbira ndisanatsike n'komwe basi," anatero. "Anandikalipira kuchokera pa Chisamba mpaka kufika muno. Tandiuza zoona. Unkafuna kupita?"

Ndinayang'ana pansi. Pakamwa panabwera mawu akale omwe aja, akuti musadandaule, palibe kanthu. Ndinawameza.

"Inde, amalume."

"Kwambiri?"

"Kwambiri."

"Nanga unakaniranji?"

"Ndinkadikira kuti mufunsenso."

Amalume anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya nthawi yaitali.

"Ndinachoka kumudzi iwe usanabadwe," anatero. "Muno munthu akati iyayi, ndimamva iyayi. Ndinaganiza kuti ukuopa ndege, ndiye sindinafune kukukakamiza. Ndalakwa, mphwanga."

Mawu amenewa anandilimbitsa mtima, ndipo ndinafunsa chinthu chimene sindikanafunsa kale.

"Nanga chaka chamawa, amalume?"

Amalume anayang'ana makatoni atsopano amene anali pakhomo.

"Ndikuuze zoona. Mawondo awa afika pothera, ulendo uno unali wanga womaliza. Mlongo wakoyu wagwira ntchito kumeneko. Amatsitsa mtengo mpaka mwini katundu kugwira mutu. Onse amene ndimagulako atenga nambala yake, njira waidziwa. Shopu ino singakwanitse kutumiza anthu awiri, mmodzi wokaphunzira chabe. Ndipo iye akapita, ine ndikufuna munthu muno amene sindingamukayikire."

"Ndamva, amalume."

"Usandiyankhe za kumudzi. Wamvadi?"

"Ndamva, koma zikundiwawa."

"Eya," anatero. "Zimenezo ndiye zoona."

Msuweni analowa ndi zitumbuwa m'pepala. Anatiyang'ana tonse awiri n'kudziwa kuti panali nkhani. Madzulo ake tikutseka anandipeza kusitoro ya kumbuyo ndikupanga makatoni. Bambo ake anali atamuuza.

"Shuwa iwe, unali kufuna kuyenda?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Manje ukanakamba chabe! Ine nenze kuganiza ati uyopa." Anakhala pa katoni, ndipo kwa kanthawi sanaseke. "Bati sunaluze vambiri, mwandi. Mendo yanavimba, makutu yanatseka, ndipo pobwera ninaluka mu kapepa bagi. Muzungu wa pambali anachita kusintha mpando."

Ankafuna kunditonthoza, ndinaona. Koma ine ndinachita nsanje ndi kusanza komweko. Ndinkafuna kuti akhale makutu anga amene anatseka, miyendo yanga imene inatupa.

"Unasanza pamwamba pa nyanja kapena pamtunda?" ndinamufunsa.

Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka anagwira m'mimba.

"Iwe mwamuna wanga, uli na vuto."

Chaka chotsatira anapita yekha, chinacho anapitanso. Mndandanda wa katundu ndimalemba ndine, ndipo sindinalakwitsepo dala ngakhale kamodzi, ngakhale maganizo otero amabwera. Akabwerako amalankhula za Addis Ababa ngati akunena za Kapiri Mposhi, tauni ya pafupi pompano. Amadandaula kuti mipando ndi yopanikiza, ine n'kumamvetsera ndikupukuta mashelefu.

Chaka chino, osauza munthu, ndinakajambulitsa zithunzi, ndinadzaza mafomu, ndinapita ku Lusaka kawiri pa masiku anga opuma. Pasipoti itatuluka ndinaisunga m'thumba la malaya sabata yathunthu. Lachisanu lina masana, m'shopu mulibe kasitomala, ndinaitulutsa n'kuiika pa kauntala patsogolo pa amalume.

"Amalume, ndikufuna kupita. Ndanena ndekha."

Anavala magalasi n'kuitsegula. Anayang'ana chithunzi, anandiyang'ana ine, kenaka anatsegula masamba opanda chidindo aja limodzilimodzi mpaka kumapeto.

"Chithunzi chatuluka bwino," anatero. "Uisunge posafika chinyezi."

Anandibwezera. Kenaka analoza pamwamba pa shelefu n'kundiuza kuti nditsitse katoni ya mababu, chifukwa a pansi anali atatsala atatu okha. Ndinakatenga makwerero.